Kabotolo Kamene Ndinakaponya M'ngalande

Chinayamba ndi chilungulira, mwezi wa Meyi chaka chatha. Ndikadya nshima yamasana kufakitale kwathu ku Industrial, pamtima pankatentha ngati ndameza khala. Pofika Juni ululu unakhazikika pamwamba pa mchombo, nseru yosatha, thupi n'kuonda mpaka ndinaboola bowo lina palamba. Ndine wowotcherera zitsulo, choncho ndinkangoti ndi utsi wa kuntchito.

Mkazi wanga, amake Tiza, anandikakamiza kupita kukiliniki. Nditakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndinalowa n'kupeza kuti nesi wake ndi mwana wa mnzanga wa kutchalitchi, mtsikana amene ndinamuona akukwawa. Anandipatsa kabotolo kokhala ndi kasupuni m'kati.

"Ba Phiri, muikemo chimbuzi pang'ono, mubwelese mailo kuseni."

Ndinanyansidwa mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Ine bambo waimvi, kukwera minibasi ndi zoipa zanga m'thumba, kukazipereka mawa lake m'mawa m'manja mwa mwana? Kabotoloko ndinakaponya m'ngalande. Kunyumba ndinanama kuti sanapeze kanthu.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilozera kwa bambo wina wobaya masingano, kuseri kwa saluni konkuno ku Nangongwe. Anali ndi jasi yoyera, ndipo pakhoma anapachika chithunzi cha munthu wojambulidwa mizere kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi. Anati mizereyo ndi njira za mphamvu m'thupi, kuti akatswiri akunja anaifufuza kale, ndipo wanga wa m'mimba unatsekeka. Kunena zoona, zimenezo sindinazimvetse. Chinandikopa n'chakuti sanapemphe chimbudzi.

"Kuno sitigwila vonyansa, bosi," anatero.

Kawiri pa sabata ankandibaya m'munsi mwa bondo, pamimba ndi padzanja. Tsiku lina ndinafika msanga. Ndinamuona akuzula masingano pamsana pa mdala wina wa zilonda, akuwapukuta ndi thonje lomwe linali litada kale, n'kuwabwezera m'botolo la mayonezi la madzi otuwa. Pansi pa madziwo panali ntchentche yakufa. M'botolo lomwelo ndimo ankatenga obayira ine. Ndipo ndinagona pabedi n'kubayidwa ndithu, kuopa kuoneka wamantha. Mpaka lero ndikakumbuka ndimanyansidwa, kwambiri ndi ine mwini.

Mu Ogasiti mwendo unatupa pobayidwa paja, n'kuyamba kutuluka mafinya onunkha omwe ankamatirira kubuluku. Chimbudzi chinada ngati phula, fungo lake losaneneka. Ndinkathira madzi mwachangu kuti amake Tiza asaone. Lachitatu lina ndinagwa ndi chizungulire pantchito, chowotcherera chili m'manja. Anzanga anandinyamula kupita nane kuchipatala.

Ndinagonako masiku asanu ndi anayi. Magazi anali atatsika kwambiri chifukwa chilonda cha m'mimba chinakhala chikukha kwa nthawi yaitali, moti anandiwonjezera ena. M'mawa uliwonse ankatidzutsa kuyeza kutentha kwa thupi, kenako nesi ankafinya mafinya pamwendo ine nditaluma bulangeti. Dokotala tinkamudikira mpaka cha m'ma leveni. Kabotolo kaja kanabweranso, koma tsopano sindinkatha kuima. Mkazi wanga ndiye anagwira chiwiya pansi panga, m'wodi yodzaza amuna, osakwinya ngakhale mphuno. Manyazi amene ndinawathawa mu Juni anandipeza atabereka ana.

M'chimbudzimo anapeza kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba. Dokotala, mayi wosachulutsa mawu, anati kakanapezeka kale, mapiritsi a sabata ziwiri akanakwana. Ndinamufunsa za mizere ija.

"Ba tate, bofufuza bena bakamba ati masingano yangathandizeko nseru, ngati ni yanyowani. Koma mizele ija sibanaipeze mu thupi. Elo aka kachilombo sikafa na singano."

Mapiritsiwo ndinamwa onse, ngakhale ankasiya kukoma kwa dzimbiri m'kamwa. Chifukwa cha masingano obwerezedwa aja anandiyezanso magazi, nthawi yomweyo ndiponso patapita miyezi itatu. Miyezi imeneyo ndinali ndi nkhawa, osati za ine ndekha komanso za mkazi wanga, amene sanalakwe kanthu. Mwamwayi sanapeze matenda ena.

Panopa ndikudya bwino, ndabwerera kuntchito, pamwendo patsala chipsera chakuda. Mukamva kutentha pamtima kosatha, kapena mukaona chimbudzi chakuda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo chimene akupemphani perekani.

Dokotala atandiuza kuti ndikayezetsenso chimbudzi kuti aone ngati kachilombo kanatha, ndinakulunga kabotolo m'nyuzipepala, ndinakwera minibasi, n'kukapereka kwa nesi yemwe uja wa kukiliniki, mwana wa mnzanga. Iye analemba dzina langa pabotolo, anaika m'thireyi pamodzi ndi ena ambirimbiri, n'kuitana wotsatira. Kumaso sanandiyang'ane n'komwe.