Ndinkadikira Madzi

Ntchito ya uphunzitsi. Malo anga pamphasa ya kwathu. Dzino limodzi lakumanzere. Mkazi wanga. Mwana amene sindinamuone nkhope.

Zonsezi zinapita pakati pa Seputembala ndi Januwale.

Anabwera Lachiwiri m'mawa, ndikulemba pabolodi. Apolisi awiri anaima pakhomo la kalasi, ndipo wamkuluyo anati, "Aphunzitsi, tiyeni mukatithandize pang'ono." Ndinauza ana kuti akopere zimene ndinalemba, ndibwera posachedwa. Unyolo anandimangira kuseri kwa ofesi, kuti ana asaone. Pa chimenecho ndimawathokozabe.

Ndinabadwira m'banja la Chisilamu kufupi ndi Nsanama. Mkazi wanga anali Mkhristu wa ku Nsamala, ku Balaka, ndipo tinadziwana ndili ku koleji ya uphunzitsi. Sanandikakamize chilichonse. Ndinabatizidwa ndekha mwa kufuna kwanga pa Pasaka wa chaka chomwecho, titakhala m'banja zaka ziwiri. Amalume anasonkhanitsa abale n'kuwauza kuti mwana wa mlongo wawo wamwalira. Mayi anga analira maliro ine ndili moyo.

Mu Seputembala, chisakasa chimene ana a Chisilamu ankaphunziriramo madarasa chinapsa, pamodzi ndi mabuku opatulika amene anali m'katimo. Msuweni wanga anauza anthu kuti anandiona pafupi ndi malowo, machesi ali m'manja.

Kupolisi anandivula lamba ndi nsapato. Wondifunsa mafunso anali wa msinkhu wanga.

"Dzina lako ndani?"

Ndinatchula.

"Limenelo ndi latsopano. Lakale unalitaya kuti? Munthu wa maina awiri ali ndi mitima iwiri. Machesi unagula kwa ndani?"

Ndinayankha kuti tsiku la motolo ndinali kunyumba ndi mkazi wanga. Anati mkazi si mboni. Anandifunsa funso lomwelo mpaka madzulo, ndipo anzake ankalowa kudzamuthandiza. Dzino lija linatsalira m'chipinda chimenecho. Pondibweza m'selo, mmodzi anati, "Upemphere kwa Mulungu wako watsopanoyo, tione ngati amadziwa njira ya kuno."

Sankadziwa kuti wagunda pachilonda. Kupemphera ndinali ndisanakudziwe.

Ndili mwana ndinaphunzitsidwa swala, pemphero lokhala ndi nthawi zake, mbali yake yoyang'ana ndi mawu ake a Chiarabu. Usanayambe umachita wuzu: kusamba m'manja, m'kamwa, kumaso, m'mikono mpaka m'zigongono, kupaka madzi kumutu, kenaka mapazi. Munthu wodetsedwa saima pamaso pa Mulungu, ndipo pamalo ponyansa sapemphererapo. Ndinasiya mzikiti, koma zimenezi zinali m'mafupa.

Nditabatizidwa ndinafunsa mkazi wanga ngati mwana wa sukulu. Kangati patsiku? Ndiyang'ane kuti? Ndiyambe ndi mawu ati?

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Aphunzitsi, mukufuna silabasi?" Ankanditchula choncho akafuna kundiseka. "Muziyankhula nawo mmene mumayankhulira ndi ine."

"Iwe ndimakuona."

"Ndiye tsinzinani."

Pemphero la Atate Athu ndinaliloweza tsiku limodzi. Koma akati ndinene mawu anga, lilime linkauma. Iye ankapemphera akutsuka mbale, akuyenda kupita kumjigo, ankauza Mulungu za mtengo wa feteleza ndi za mwendo wa mayi ake. Ine ndinkaona ngati n'chipongwe. Ndinkayamba ndasamba kaye. Poona kuti sindisintha, anayamba kutunga ndowa ina yapadera, n'kumandithirira madzi pakhonde ndi chikho. "Mulungu sanunkhiza mapazi," ankatero, koma ankathirabe. Tikalowa m'nyumba iye ankanena mawu, ine ndinkangoti ameni. Apa ndi pamene maphunziro anga anafika.

Pamene ankandimanga, mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi.

Khoti linakana belo, ati anthu akwiya, ndikatuluka andipha. Ananditumiza kundende kukadikira mlandu. M'chipinda chathu tinali ochuluka moti tinkagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, anandiloza pakona pamene panali chidebe chodzithandizira. "Alendo amayambira apa, aphunzitsi. Ndi sitandade wani." Chidebecho chinkasefukira m'mawa kusanatsegulidwe. Mapazi anga ankakhala m'menemo.

Inali nyengo yotentha ndipo mpopi unkangotulutsa mphepo. Madzi akapezeka, aliyense ankalandira kapu imodzi. Kumadarasa anatiphunzitsa kuti madzi akasowa ungathe kudziyeretsa ndi fumbi loyera. Fumbi loyera munalibe.

Munali bambo wina wachikulire wa ku Nayuchi, Msilamu, amene anagwidwa ndi mafuta a galimoto pamalire. Ankadziwa mlandu wanga. Tsiku lina anandipatsa theka la kapu yake. "Sambani, mwana wanga. Kaya mupemphera kwa ndani, zimenezo n'zanu." Madziwo anakwanira m'manja ndi kumaso basi. Ndinayang'ana mapazi anga, ndipo sindinapemphere. Sabata yotsatira anamusamutsa.

Mkazi wanga ankabwera Loweruka lililonse ndi chinangwa chophika ndi matemba. Tinkayankhulana kudzera pawaya, anthu ambiri akukuwa mbali zonse. Ulendo womaliza unali kumapeto kwa Novembala. Anavala patapata zanga chifukwa mapazi ake anali atatupa, nkhope nayonso. Anati mutu ukumupweteka masiku onse, ndipo mayi ake abwera kudzamutenga kuti akachirire ku Nsamala.

"Anamwino akuti magazi akuthamanga kwambiri," anatero. "Ndili ndi mantha, bambo. Mukundipempherera?"

Sindinkamunamiza. "Iyayi."

"Chifukwa?"

"Kuno kulibe madzi. Ndimagona pambali pa chidebe. Sindingatchule dzina lako kwa Mulungu ndili chonchi. Mvula ikagwa ndisamba, ndiyamba."

Sanaseke. Msilikali wa ndende anamenya waya ndi ndodo n'kunena kuti nthawi yatha. Mayi ake anamugwira pamkono. Atayenda pang'ono anatembenuka, nanena mawu ochepa mokweza kuti apose phokoso. Ndinawamva bwinobwino. Ndinaganiza kuti akungondilimbitsa mtima.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Inagwa pakati pa Disembala, masana, tili pabwalo. Anzanga anathawira m'khonde. Ine ndinaima pansi pa malata pamene madzi ankatsikira, ndinasamba m'manja, m'kamwa, kumaso, m'mikono, kumutu, mapazi. Ndinagwada m'matope ndipo kwa nthawi yoyamba ndinanena mawu anga. Anali ochepa. Ndinati, "Ambuye, mkazi wanga ali ndi mantha. Mumusunge, iye ndi mwanayo." Ndinadzuka mtima utapepuka.

Loweruka lotsatira kunabwera mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga. Anavula chipewa asanafike pawaya. Anati matenda a mkazi wanga anayamba mwadzidzidzi, anamunyamula panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono, ndipo ambulansi inafika mochedwa. Mwanayo anali wamkazi. Anawaika m'manda amodzi.

"Liti, alamu?"

"Sabata yapita ija. Tinasowa wotuma."

"Mvula inali itagwa?"

"Iyayi. Tinakumba pouma gwa."

Ndinabwerera m'chipinda. Nyapala anandisuntha pa chidebe tsiku limenelo, n'kundipatsa malo pafupi ndi chitseko.

Mu Januwale mlandu unathetsedwa. Msuweni wanga sanabwere kukhoti, ndipo zinali zitadziwika kuti motowo unachokera kutchire, kwa osaka mbewa. Pachipata anandibwezera lamba ndi nsapato. Msilikali anati, "Mwaona? Mulungu wanu uja wayankha." Ndinavala nsapato n'kutuluka.

Kusukulu anali ataikapo mphunzitsi wina. Za ntchito yanga akuti akuziunikabe. Kwathu ku Nsanama sindinapiteko. Ndimakhala ku Nsamala kwa apongozi, ndimawalimira. Anthu akumpingo amati ndithokoze chifukwa cha ufulu. Ufulu umene ndaupeza ndi wakuti ndingathe kuyenda mpaka kumanda mlamu wanga akandiperekeza, ndi kubwerera. Abusa anandiuza kuti si kuchedwa kwanga kumene kunamupha, Mulungu sawerengera choncho. Mutu wanga umavomereza zimenezo.

Mjigo uli pafupi ndi nyumba, madzi sasowa. Ndowa yake ija ndinabwera nayo, ndi chikho chomwe. Sindisambanso ndisanapemphere, koma sindinganene kuti ndaphunzira. Ndimaima m'munda, dothi lili m'mapazi, ndimatsinzina, ndimati "Ambuye," ndipo nthawi zambiri zimathera pomwepo. Sindidziwa chimene ndingapemphe tsopano. Chimene chimabwera ndi mawu ake aja a pawaya:

"Aphunzitsi, musadikire madzi. Ingoyambani, akumvani."