Timphira ta Pak Tarmuji

Pak Tarmuji sanandipatsepo moni. Miyezi isanu ndi inayi ndinkawaikira mpunga pambali pa makina awo ovulira matayala, iwo n'kungotambasula dzanja osacheuka, ngati chakudyacho chabwera ndi mphepo. Dzina langa loti Tutik ankalidziwa bwinobwino, koma ankandiitana kuti "iwe wa mwana." Ndiye musayembekezere kuti ndiwalemba mowakometsa.

Anali munthu wa matayala m'timu ya Haji Sobari, mmene mwamuna wanga, Mas Galih, ankathamangitsa njinga yamoto. Timuyi inali ndi njinga ziwiri zazikulu za mpikisano wa dziko lonse, ina ya Mas Galih, ina ya Danang. Chaka chitangoyamba, Haji anaitana onse awiri n'kuwauza kuti chaka chamawa timu ikupita kumipikisano ya mayiko a ku Asia, koma ndi njinga imodzi yokha. Amene adzamalize chaka ali pamwamba pa mnzake ndiye adzapite, winayo adzaone kolowera. Mas Galih anali ndi zaka makumi atatu kuchotsapo chimodzi. Pamsinkhu umenewo, ukatsika panjinga palibenso amene amakuitana.

Ine yanga inali yophika. Ndinkakulunga mpunga m'masamba a nthochi, mapaketi khumi ndi anayi, ndikatha n'kukhala pa kireti kumbuyo kwa galaja, mwana wathu Nimas ali m'nsalu pachifuwa, thonje lili m'makutu mwake chifukwa cha phokoso. Palibe ankandiyankhulitsa, komanso ine pakamwa panga mpolemera chibadwire. Munthu ukakhala chete tsiku lonse, maso ndi amene amagwira ntchito.

Pak Tarmuji ndi wamfupi, wouma ngati nsungwi, zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Chikhadabo cha chala chachikulu chakumanja amachisunga chachitali, chakuda bii, chodinira tayala. Asanabwere kumipikisano anakhala zaka zambiri akumata machubu pansi pa lona m'mbali mwa msewu ku Bekasi. Amakanika ankanong'ona kuti kumeneko kunali omata ena amene ankamwaza misomali pamsewu kuti ntchito isasowe. Tsiku lina anthu a njinga zinawakwana, anagwira womata amene anali pafupi n'kumugulula mano awiri akutsogolo. Womatayo anali iwowa. Kaya ankamwaza nawo kaya anangofera za eni, ine sindikudziwa. Akuti kuchokera pamenepo m'mawa uliwonse ankayenda akukoka maginito pachingwe, kutola misomali pamaso pa anthu onse. Mpaka lero akamalowa m'galaja maso amakhala pansi, ndipo akapeza kabawuti kogwa, atukwana kuyambira pakhomo mpaka kumbuyo.

Lilime lawo silinkasankha. "Haji, chotsani chimimbacho, mukunditchingira kuwala." Danang akamadzitama, iwo osadzutsa mutu: "Njati ukaiveka chisoti ndi njati basi." Mas Galih akadandaula kuti njinga ikuterera: "Tayala silinama, mphwanga. Wabodza ndi wakhala pamwambayo."

Tayala lakumbuyo lilipo la mitundu iwiri. Lofewa limamata pamsewu ngati ulimbo, koma dzuwa likaswa mtengo limanyenyeka mpikisano usanathe. Lolimba limapirira, koma kukazizira limachedwa kugwira. Wokwera aliyense amasankha yekha, n'kuwanong'oneza Pak Tarmuji. Iwo amalimanga panjinga n'kulifunditsa bulangete lamagetsi loti litenthe. Bulangetelo limavulidwa njinga zitaima kale poyambira, nthawi yosintha itatha, ndipo mpamene aliyense amaona mzere wa m'mbali mwa tayala: woyera ngati ndi lofewa, wachikasu ngati ndi lolimba. Lamulo lawo linali limodzi: "Zapansi pa bulangete n'za mwini bulangete." Ngakhale Haji, mwini njinga zonsezo, ankafunsa koma osauzidwa.

Danang ankadziwa pamene Mas Galih pamamupweteka. Ankabwera ndi khofi wake n'kutsamira njinga ya mnzake. "Mas, mwagona bwanji? Maso afiiratu awo. Mwana akulira eti? Bambo wa mwana asamathamange kwambiri. Kona yachisanu ija imafuna munthu wopanda omulira." Kwa atolankhani ankanena kuti wasankha lofewa, kwa amakanika kuti lolimba, kwa Mas Galih zonse ziwiri. Mwamuna wanga ankangoseka, koma ine amene ndimachapa malaya ake ndimadziwa thukuta la kutentha ndi thukuta la nkhawa. Chimene ankalakalaka n'kudziwa tayala la Danang, chifukwa pa matayala ofanana iyeyo ndiye anali wachangu.

Pak Tarmuji salemba. Sukulu sanapite nayo patali, ngati ine ndemwe. Tsono aliyense amadziwa kuti paketi ya mpunga yomangidwa ndi kamphira kamodzi ndi yopanda tsabola, ya timphira tiwiri ndi yowawa. Ndinaona kuti iwo akadya sataya timphirato, amativala pamkono. Kenako ndinationa pachingwe cha bulangete, pafupi ndi pulagi. Pampikisano wachinayi, bulangete la Danang linali ndi tiwiri. Atalivula, mzere woyera. Wotsatira, kamodzi. Mzere wachikasu. Ndinadikira wina kuti nditsimikize, ndipo zinali chomwecho: lofewa ndiye la tsabola. Amuna khumi ndi anayi ankadumpha zingwe zimenezo tsiku lonse osaona kanthu, chifukwa palibe mmodzi anakulungapo mpunga.

Nditamuuza Mas Galih, anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Atatha kuseka anandiitana mmene mwamuna amaitanira mkazi wake kwathuko.

"Dik, usauze munthu."

Ndikanauza ndani, ine? Kuyambira pamenepo ndikamamupatsa madzi ndinkangoti "kamodzi, Mas" kapena "tiwiri, Mas." Pamipikisano itatu anamupambana Danang kawiri. Mtima sunanditsutse mpang'ono pomwe. Timphirato ndinkagula ndine kumsika. Kuyang'ana zinthu zako zomwe n'kuba?

Pofika mpikisano womaliza anali atasiyana ndi pointi imodzi yokha. Wofika patsogolo pa mnzake ndiye wopita.

Tsiku limenelo phiri la pafupi ndi bwalo la mpikisano linavala mitambo kuyambira m'mawa, ndipo kunkawomba kamphepo konyowa. Pak Tarmuji anatuluka, nanjuta, n'kuika chikhatho paphula, kenako n'kubwerera. Mas Galih nayenso anatuluka, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, n'kukawanong'oneza. Pabulangete lake panaikidwa tiwiri. Wasankha lofewa, yekha, osandifunsa.

Patatsala mphindi makumi awiri ndinanamizira kukatola masamba odyera mpunga kumbali ya Danang. Pachingwe chake panali kamodzi. Ndinayang'ana kawiri. Danang anali chapomwepo akumanga zipi ya chovala chake chachikopa, akufuula kuti galaja yonse imve: "Lero lofewa, Mas Galih! Ndikulumbira pamanda a agogo anga!" Mumtima ndinati, lumbira bwino, wabodza iwe, ndakugwira.

Ndinapita kwa Mas Galih ndi botolo la madzi.

"Kamodzi, Mas."

Anasiya kumwa. "Waonetsetsa, Dik? Kunjaku kwaziziratu."

"Kamodzi. Ndayang'ana kawiri."

"Mwina akudziwa kuti dzuwa lituluka," anadziyankhulira. Anasuzumira panja, anayang'ana Danang, n'kupita kwa Pak Tarmuji. "Pak, ndisinthireni."

"M'mawa uja unati chiyani?"

"Ndasintha maganizo."

"Maganizo ako, kapena a wina?" Ponena zimenezi anacheuka n'kundiyang'ana. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso, ndipo ndinamva ngati andithira madzi otsukira mbale. "Tuluka ukagwire msewu ndi dzanja lako, Galih."

"Nthawi yatha, Pak. Ingomangani."

Pak Tarmuji analavulira pambali, anagwada, ndipo pamphindi zinayi tayala linali litasinthidwa.

Mayi wa mwana saloledwa poyambira, choncho ndinaonera pa kanema wa m'galaja. Njinga zinaima m'mizere, amakanika anayamba kuvula mabulangete. Kamera inadutsa pa Danang, iye n'kuibayibitsa. Pansi pake, mzere woyera, mbee.

Ndinakhala pa kireti ndisakudziwa kuti ndakhala.

Dzuwa silinatuluke. Kuzungulira koyamba, njinga ya Mas Galih inkavina kumbuyo pa kona iliyonse, anzake n'kumamudutsa mbali zonse. Anatsika mpaka pa nambala naini, Danang ali pa nambala thuu. Tayala litayamba kugwira anayamba kuwatola mmodzimmodzi. Sindinamuonepo akuthamanga chonchija, chigongono chikukhula pansi, amakanika a Danang omwe anasiya kutafuna. Kutatsala kuzungulira kawiri anali kumbuyo kwa Danang, tayala la Danang litayamba kunyenyeka. Kukanakhala kuzungulira kwina kumodzi akanamudutsa. Kunalibe. Danang anamaliza wachitatu, Mas Galih wachinayi, kusiyana kwake ngati kuchokera pakhomo kufika pachitsime.

Danang analowa m'galaja anthu akumumenya pamsana. Anavula chisoti, anavula gulovu lakumanzere, n'kubwera molunjika pamene ndinakhala. Pamkono pake panali kamphira kofiira. Anakavula pang'onopang'ono n'kukaika pabondo langa.

"Mbak Tutik, kamphira kanu aka. Ndinangobwereka." Anagwira kaphazi ka Nimas n'kukagwedeza. "Mpunga wanu ndikausowa ku Japan."

Amakanika ake anaseka. Mas Galih anali atakhala pakona, chisoti chili kumutu, osachivula.

Ndinali ndisanayankhulepo ndi Pak Tarmuji mawu opitirira "chakudya ichi, Pak." Tsiku limenelo ndinawatsatira kuseri kumene ankatsuka malimu, zitsulo zovekapo matayala, m'beseni.

"Pak, munaona."

"Ndinaona."

"Munamuona akuchotsa kamphira, inu osanena kanthu."

"Iwenso ndinakuona," anatero akukhula limu ndi burashi. "Mipikisano itatu, khosi kutalika ngati la tsekwe. Ndinakakunenera kwa ndani?"

"Ine sindinagwire kanthu! Iye anagwira ndi manja!"

"Anagwira bulangete lake. Kaya amangepo belu la ng'ombe, n'lake limenelo."

"Ngati munkadziwa kuti ndikuona, bwanji simunasiye timphirato?"

Anaimitsa burashi. "Ndisinthe kagwiridwe kanga ka ntchito chifukwa cha osuzumira? Ndinayamba kumanga timphira iwe ukuyamwa."

"Mukanangoti, 'Galih, usasinthe.' Mawu awiri okha, Pak. Mwamuthera ntchito munthu wa mwana."

"Ndinamuuza kuti akagwire msewu. Msewu sukanamunamiza. Ndikanapitirira pamenepo ndiye kuti ndavundukula bulangete la mnzake." Anatembenuza limu. "Mwamuna wako anasankha bwino m'mawa uja, ndi mutu wake. Ndi wokwera weniweni, njati ija singamufike. Tsono anamuphunzitsa kusuzumira ndani?"

Ndinafuna kuwaponyera besenilo kumaso. Ndinangoima, Nimas akundikoka mpango.

"Chotsa mwanayo pano," anatero. "Sopo uyu ngwoyabwa."

Pobwerera kwathu ku Klaten tinakwera basi, chifukwa m'galimoto ya timu munali chisangalalo cha eni. Ulendo wonse Mas Galih anayang'ana pawindo. Titayandikira anangoti, "Wofunsa ndinali ine, Dik," basi. Sanandikalipire tsiku limenelo, sanandikalipirepo mpaka lero. Bola akanandikalipira.

Anaimbira matimu anayi. Awiri sanayankhe, ena anati akufuna achinyamata. Pano amakonza njinga za anthu kutsogolo kwa nyumba ya mayi ake, zokwera amayi popita kumsika.

Anthu a mipikisano amati Pak Tarmuji ndi munthu wachilungamo, kuti m'dziko muno mulibe wina wa matayala amene ungamukhulupirire ngati iwo. Mas Galih nayenso amatero, ndipo ndi nkhani yokhayo imene timakangana. Iye amati akanakhala kuti amaulula za Danang, akanaululanso za iyeyo, ndiye kukanakhala kuthamanga kwanji? Ine ndimati munthu amene wadya mpunga wanga miyezi isanu ndi inayi, n'kumaonerera mwamuna wanga akulowa m'mbuna iye akudziwa, chilungamo chakecho akadye yekha. Zanga ndikuzidziwa, palibe chifukwa choti wina andikumbutse. Koma zawonso zilipo.

Haji anawatenga Pak Tarmuji popita kumipikisano ya ku Asia ija. Lamlungu kukakhala mpikisano, Mas Galih amatsamiritsa foni pabotolo la oyilo, mawu atatsitsa, manja ali m'injini ya njinga ya munthu. Nthawi zina kamera imadutsa poyambira, n'kuonetsa kamunthu kouma katanjuta kumbuyo kwa njinga ya Danang, katagwira bulangete. Mas Galih amasiya sipanala n'kuloza.

"Dik, taona, Pak awo."

Ine ndimanyamula Nimas n'kupita kukaanula zovala, ngakhale zisanaume.