Misomali ya m'mwendo mwa achemwali

Achemwali anga anathyoka mwendo chakumapeto kwa nyengo ya nandolo. M'mimba mwathu tilimo awiri okha. Iwo anabadwira konkuno ku Molumbo, ine ndinabadwira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Amayi atamwalira, anandilera ndi iwowo mpaka kundikwatitsa, ndipo nyumba zathu zili pabwalo limodzi.

Tsikulo anamanga thumba la nandolo panjinga n'kuyamba ulendo wa kumsika. Ali potsetsereka anakumana ndi njinga yamoto, ndipo pofuna kuilewa anagwera m'ngalande. Thumba linawapsinja, phazi litakodwa mu sipokosi. Ndikamafika ndinapeza anthu atawazungulira, wina atawaphimba mwendo ndi chitenje. Nditavundukula ndinaona fupa la pa akakolo litaboola khungu, lili loyera, kunsonga kwake kuli dothi.

Kuchipatala cha ku Milange anatsuka bala, anajambula mwendo, kenako anatitumiza kuchipatala chachikulu chakutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Alamu anga anatsala kuyang'anira ana ndi munda. Wodikirira matenda ndinali ine.

Adotolo a kumeneko ankalankhula Chipwitikizi mothamanga, ndipo namwino wina wachikulire ndiye ankatimasulira, akusakaniza Chinyanja ndi Chilomwe. Anati chikhakha sichingatheke chifukwa bala liyenera kumaoneka ndi kumatsukidwa. M'malo mwake aboola fupa, alowetse misomali, aigwirizanitse ndi chitsulo chakunja kuti mafupa asagwedezeke.

Anawabaya jekeseni pamsana, choncho opaleshoni yonse anali maso. Atatuluka ndinawafunsa ngati zinapweteka.

"Ayi," anatero. "Ndimangomva kulira kwa choboolera, ngati akukonza chitseko kunyumba ya eni. Kenako ndinakumbukira kuti chitsekocho ndine."

Misomali inalipo inayi, yonenepa ngati pensulo, iwiri pamsongolo, iwiri chakuphazi. Tinakhala m'chipatalamo mwezi ndi masiku. Potitulutsa, namwino uja anandikhazika pansi n'kundionetsa katsukidwe kake. Madzi owiritsa, kamchere pang'ono, azizire. Msomali uliwonse thonje lakelake, m'mawa ndi madzulo. Anandipatsa kapepala ka tsiku lobwerera, pakatha milungu isanu ndi umodzi.

"Madzi a pachitsime ayi, a mvula ayi," anatero. "Owiritsa okha. Mwamva, mayi?"

Ndinati ndamva.

Kumudzi anthu ankabwera kudzazonda, koma ambiri ankangofuna kuona zitsulozo. Alamu anga sankatha kuziyang'ana. Ankawanyamula akazi awo kupita nawo pakhonde nkhope atatembenuzira kumbali, n'kunyamuka ulendo wa kumunda. Ine ndinkatsuka. Milungu inayi sindinaphonye ngakhale kamodzi, ndipo bala lalikulu lija linayamba kutseka. Achemwali anafika pomaseka, n'kumanena kuti zitsulozo akadzazichotsa adzazipempha kuti akonzere njinga.

Kenako kunabwera mvumbi. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata, madenga onse akudontha, nkhuni zonse zitanyowa. Tinaphikira zitsononkho mpaka zinatha. M'mawa wina ndinauzira moto mpaka maso kufiira, koma munkangotuluka utsi. Mwana wanga wakhanda anali akulira kumsana, thupi litatentha. Ndinatopa. Pakona pa nyumba panali ndowa yomwe tinkatchera madzi otsika padenga laudzu. Ndinatungamo, ndinathira mchere, n'kulowa nawo m'nyumba.

"Wawiritsa?" anafunsa achemwali.

"Ndawiritsa. Azizira kale."

Ndinachita zimenezi masiku atatu. Madziwo ankaoneka oyera, ndipo ndinkadziuza kuti mchere upha chilichonse chomwe chilimo.

Patatha sabata, khungu lozungulira msomali wa m'munsi linafiira n'kutupa. Kenako panayamba kutuluka mafinya. Apo n'kuti nditabwerera kale ku madzi owiritsa, ndikutsuka katatu patsiku m'malo mwa kawiri, koma sizinathandize. Msomali wina unayamba kugwedera. M'nyumba munayamba kumveka fungo, ndipo ana anasiya kulowamo.

Tsiku la pakapepala lija linakwana mlatho wa panjira yathu utakokoloka. Galimoto sizinkafika. Alamu anapita wapansi kukatenga mapiritsi kuchipatala chaching'ono cha kwathu, koma thupi la achemwali, lomwe linali litayamba kutentha, silinazizire. Tinadikira milungu ina iwiri madzi asanaphwe. Atangophwa pang'ono, alamu anamanga machila a nsungwi ndi bulangeti, ndipo amuna anayi a kumpingo kwathu anawanyamula, kuwoloka mtsinje madzi akulekeza m'chiuno, mpaka pomwe panali galimoto. Achemwali sanadandaule njira yonse. Anangondipempha kuti ndigwire chitsulocho chisamagunde nsungwi.

Kuchipatala chachikulu chija adotolo anamasula bandeji. Anajambulanso mwendo. Namwino yemwe uja anatiuza kuti matenda alowa m'fupa. Anawatengeranso ku opaleshoni kawiri, kuchotsa misomali, kupala fupa, kudula mnofu wakufa. Ulendo uliwonse phazi linkabwera litachepa komanso litada. Ulendo wachitatu adotolo anabwera ndi pepala. Anati akachedwa, matendawo akwera ndipo achemwali sataya mwendo wokha.

Achemwali anandiyang'ana. "Iwe ukuti bwanji?"

"Ine sindikudziwa, achemwali."

"Ana anga ndi aang'ono," anatero. Anadinda chala papepalapo.

Anawadula m'munsi mwa bondo. Nthawi yomwe anali mkati, ndinamupeza namwino uja akutsuka m'manja panja pa wodi, ndipo ndinamuuza za ndowa ija. Ndinafotokoza zonse, za nkhuni, za mwana, za masiku atatu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Bala ngati lija limatha kuvunda ngakhale munthu ali pabedi pompano," anatero. "Dothi linalowa tsiku la ngozi lomwelo. Munachedwanso kubwera. Mwina ndi madzi anuwo, mwina ayi. Palibe amene angakuuzeni."

"Ndiwauze?"

"Zimenezo ndi zanu ndi abale anu. Ine ntchito yanga ndi mabala."

Sindinawauze. Ndinati ndidikire achire kaye. Atachira ndinati ndidikire azolowere ndodo. Papita zaka zitatu tsopano.

Masiku oyamba ankadandaula kuti phazi lomwe kulibelo likuyabwa, n'kumakanda mphasa. Tsiku lina anaiwala, anadzuka mwachangu atamva mwana akulira panja, n'kugwa chafufumimba pakhomo. Anakhala pomwepo nthawi yaitali osalola munthu kuwadzutsa. Achipatala anatiuza kuti mwendo woikirira umapezeka mumzinda, koma pamafunika kupitako kangapo kukayesa, ndipo alamu sangasiye munda nthawi zonsezo. Njinga ija anapatsa mwana wa mlongo wawo wa alamu.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi cha kutchalitchi. Amayi a mumpingo akamakamba za kusamala odwala, achemwali amaloza ine. Amati pakanapanda mng'ono wawoyu bwenzi atafa, ndipo amafotokoza mmene ndinkatsukira misomali m'mawa ndi madzulo osatopa. Anthu amagwedeza mitu n'kundiyang'ana mwaulemu. Ine ndimangowerama.

Kamodzi kokha ndinayesa. Tinali awiri pakhonde tikusenda chinangwa, ndipo ndinayamba kuti, "Achemwali, nthawi ya mvumbi ija..."

"Usandikumbutse zimenezo," anatero osadzutsa mutu. "Fungo lija ndimalimvabe. Ndipatse mpeni wakuthwawo."

Ndinawapatsa.

Panopa amalima kadimba kuseri kwa nyumba, atakhala pansi, ndi kakhasu kachifupi komwe alamu anawasulira. Akamaliza mzere umodzi amadzikhwekhwereza ndi manja kupita pa wina. Kumunda waukulu sanapondekonso, ndipo kumsika amangotuma. Mwana wawo wamkazi woyamba anasiya sukulu chaka chatha kuti azitunga madzi ndi kupita kuchigayo.