Mpata Wozungulira Thunthu la Mkuyu

Utuchi wa bulugamu umanunkhira ngati mankhwala a chimfine, ndipo patchuthi cha Ogasiti chaka chimenecho unali paliponse pakhomo pathu ku Mponela: m'tsitsi, m'mabulangete, ngakhale mumchere. Bambo anga anali kalipentala. Ankakhoma mabenchi ndi zitseko pansi pa mtengo wa mango, ndipo nyengo ya fodya ankakamanga zigafa m'midzi ya kumapiri, cha ku Ntchisi. Koma ntchito inali itasowa. Amayi anali atayamba kunena zoti mvula isanagwe apite kukagwira utenanti kuesiteti ya fodya ku Kasungu. Ine ndinali nditangomaliza Folomu 2.

Kenako kunabwera a Mbewe pagalimoto yofiira. Anali mmodzi mwa anthu amene anabwerako kunja boma litasintha. Anali atagula malo ku Lilongwe pomwe panali mkuyu waukulu, ndipo ankafuna chipinda chogona alendo m'mwamba mwa mtengowo, monga anaonera kumayiko ena. Anthu apamsika anaseka. Bambo sanaseke. Anapita nawo kukaona mtengowo, n'kubwerako ndi chingwe cha khonje chodzaza mfundo. Mfundo iliyonse inali muyezo wa thunthu kapena nthambi.

"Akufuna pulani yapapepala," anatero bambo. "Naphiri, sukulu yako ija igwire ntchito tsopano."

Kwa masabata atatu tinkakhala pakhonde dzuwa likapendeka. Mphepo inkabweretsa fumbi ndi gaga wa kuchigayo, moti pepala ndinkalipanikiza ndi miyala. Bambo ankajambula pansi ndi msomali, ine n'kumasamutsira papepala ndi rula ndi kampasi za m'kabokosi kanga ka masamu. Panali mizati inayi, makwerero okhala ndi pogwirira, kakhonde koyang'ana kotulukira dzuwa, zenera lotchinga udzudzu. M'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti tsiku lina mzinda wonse udzagona m'mitengo, ndipo wojambula zipindazo ndidzakhala ine.

Chinthu chimodzi chokha sichinkandisangalatsa. Pomwe thunthu linkadutsa pakati pa chipinda, bambo ankasiya mpata wolowa chibakera kuzungulira konse. Mitanda yotsamira panthambi ankati imangidwe ndi mphira za tayala, osati misomali.

"Ababa, apatu pakuoneka ngati mwaphonya muyezo."

"Waphonya ndiwe ndi karula kakoko. Mtengo umagwedezeka, umanenepanso. Ukaupana, ukuthyolera nyumba."

Ndinavomera ndi mutu. Koma pokopera pepala lomaliza ndinakumbukira aphunzitsi athu a masamu ndi cholembera chawo chofiira. Ndinatseka mpata uja, matabwa n'kuwagunditsa kuthunthu, ndipo pomwe panali mphira ndinaikapo timadontho ta misomali tondondozana bwino. Bambo sankatha kuwerenga mizere yapapepala. Analitembenuza uku ndi uku, analipukuta fumbi ndi malaya awo, n'kunena kuti ndi lokongola.

A Mbewe nawonso analiyamikira. Analipinda, analiika m'chikwama, n'kunena kuti atumiza mawu. Tinadikira mpaka mitengo ya m'mapiri inaphuka masamba ofiira. Mawu aja anabwera ndi kondakitala wa minibasi: pulani inali yomveka bwino moti amisiri a mumzinda momwemo anali atayamba kale kumanga. Bambo anangoti "Oho," n'kupitiriza kupala thabwa. Mu Novembala iwo ndi amayi anakwera lole ya ku Kasungu, zipangizo zawo atazikulunga m'thumba la feteleza. Ine anandisiya kwa azakhali kuti ndimalize sukulu.

Chipindacho ndinachiona kamodzi, patapita zaka, nditayamba ntchito ku Lilongwe. Matabwa apansi anali atang'ambika kuyambira pathunthu, ndipo makwerero anali atatsekedwa ndi waya.

Ndili mtsikana ndinkakhulupirira kuti bambo anataya ntchito ija chifukwa a Mbewe anaona cholakwa chimene ndinabisa m'pepala, ndipo ndinalemba choncho m'kabuku kaja, n'kupempha Mulungu kuti andikhululukire. Tsopano ndikudziwa kuti panalibe amene anachiona. Pepala likanakhala ndi mpata wodabwitsa uja ndi mphira zake, amisiri akanakanda mitu, ndipo a Mbewe akanabwerera ku Mponela kudzafunsa mwini nzeruzo. Langa silinasiye chofunsa.