Tsiku Limene Azakhali Anakankhidwa ku Kilternan

Sindinkafuna kupita. Chindichotsereni ku koleji nditalephera mayeso, Loweruka langa limathera m'bulangeti. Koma azakhali anga a Esnati, omwe amandisunga ku Clondalkin, analumbira pamaso pa amayi akutchalitchi kuti adzatsetsereka pa snowboard, thabwa lotsetserekera pa sinowo, chaka chisanathe. Amayiwo anaseka mpaka misozi. Ndiye panafunika wojambula vidiyo ya umboni, ndipo m'nyumbamo lova ndine.

Tinakwera basi ya 13 cha m'ma nine, two euro pa khadi. Azakhali anali m'majekete awiri, chitenje pamwamba pa jinzi, m'chikwama muli mandasi. M'tauni tinasinthira 44 yolowera kumapiri. Gogo wina wachizungu anawafunsa kumene akupita. Atamuyankha, anasuzumira pawindo n'kuona mvula yokhayokha, kenako anati sinowo sakamupeza, koma akawapempherera.

Gogoyo sananame, ku Kilternan kulibe sinowo. Kuli chitunda choyalidwa pulasitiki wonga mswachi, ndipo amachithira madzi kuti chiziterera. Podikira mphunzitsi ndinaona mitundu ya anthu ake. Kumanzere kunali anyamata a freestyle, mathalauza okhutepa ngati matumba a makala, ntchito kudumpha zitsulo ndi kuzungulira m'malere. Wina akagwa, anzake amamuombera m'manja. Pakati panali bambo wa imvi wa nsapato zolimba, wa carving, amene amapendekeka pokhota mpaka dzanja kukhudza pansi, osalankhula ndi munthu. Ndiye panali wandevu wa freeride, amene anandiuza kuti iye ndi wa mapiri enieni a ku Austria, pulasitiki ndi zibwana. Ola lonse sanatsetsereke. Anadya mandasi athu atatu.

Mphunzitsi anali kamnyamata ka tsitsi lofiira. Kanawauza azakhali kuti aimirire, ayang'ane kutsogolo. Kenako kanazungulira kumbuyo n'kuwakankha pamsana.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinangozindikira ndagwira kolala ya jekete lake.

"Yamikani, musiye!" anakuwa azakhali.

"Wakukankhani, azakhali! Mwana uyu!"

"Ndamva, msana ndi wanga. Atithamangitsa muno, ndikawauza chiyani amayi aja? Kuti ndinakwera mabasi awiri kudzaonera nkhonya?"

Ndinamusiya. Mnyamatayo, nkhope itafiira kuposa tsitsi, anafotokoza kuti ndi mmene amadziwira phazi lotsogolera: munthu ukakankhidwa mosayembekezera, phazi lomwe latuluka ndi limene limakhala kutsogolo pa thabwa. Lamanzere ndi regular, lamanja ndi goofy. Azakhali anali goofy. Mnyamatayo anayang'ana ku ofesi, ine n'kuopa kuti akandinenera. Azakhali anamupatsa mandasi awiri omaliza. Iye analuma kamodzi n'kuwerama kuwamanga nsapato.

Anagwa kasanu. Chitenje chinakakodwa m'pulasitiki, iwo n'kuchisiya komweko. Anyamata a freestyle anasiya zitsulo zawo n'kubwera kudzaimirira m'mbali, akukuwa "Auntie! Auntie!" Ulendo wachisanu ndi chimodzi anatsika chitunda chaching'onocho ataimirira, manja atatambasula, akuimba nyimbo ya Chigwirizano ndi mawu onjenjemera. Bambo wa imvi uja anagwedeza mutu kamodzi. Akuti kwa iyeyo ndiye nthungululu.

Vidiyo inatuluka yogwedera, chifukwa wojambula ankakuwa nawo. Pofika pa siteji ya basi inali itazungulira kale gulu lonse la amayi, mpaka ku Ndirande.

Ndili chiimire kuyang'ana nthawi ya 44, ndinamva dzanja pamsana. Phazi lamanja linatuluka lokha.

"Goofy," anatero azakhali. "Ndi zakumtundu. Loweruka likubwerali wojambula ndine."

Sindinavomere. Ndinangoona kuti kuchitunda kuja kugwa sikuchotsetsa munthu ngati kugwa mayeso, amangokufunsa ngati dzanja lili bwino. M'basi azakhali anagona paphewa langa, ndipo ine mpaka m'tauni ndinkaonera mavidiyo a bambo ena a nsapato zolimba, foni nditaibisa.