Madzi a M'thanki ya Kompuresa

Tsiku langa loyamba pamgodi wa golide ku Silobela ndinamwa dzimbiri. Anandiuza kuti nditulutse madzi m'thanki ya kompuresa, ine n'kugwada, n'kulowetsa mutu kunsi kuti ndione bwino kampopi kake, n'kutsegula konse kamodzi. Madzi ofiira anandiwomba mbama kumaso. Makorokoza, anyamata okumba golide aja, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Achimwene, ndiwe injiniya wacho?" anafunsa wina, akusakaniza ndi chiyankhulo chawo. Kabuku ka makinawo ndinali nditakawerenga konse m'kombi, minibasi imene ndinabwera nayo, koma tsamba loletsa kusuzumira sindinalipeze.

Ndinachoka ku Torwood chifukwa fakitale ya zitsulo imene inalera agogo ndi bambo anga inali itazizira kalekale, ndipo mkazi wanga Esinati anali woyembekezera. Ndinamulonjeza kuti m'dzenje sindikalowamo, ndikangokhala pamwamba kusamala makina otumiza mpweya kwa obowola miyala. "Pamwambanso anthu amafa," anatero akundikulungira mabuku m'pulasitiki.

Mpweya ukapanikizidwa umachita thukuta. Madziwo amakhala pansi pa thanki n'kumadya chitsulo m'kati, kunja penti ikuwala. Choncho madzulo aliwonse ndinkazimitsa injini, kuchepetsa mpweya, n'kutsegula kampopi pang'onopang'ono, nkhope ili kutali. Ndikatha ndinkakwera pachulu pomwe foni imagwira, kulembera Esinati kuti zonse zili bwino. Ndalama ndinkatumiza zikapezeka. Za zikwanje sindinkalemba. Kumeneko anthu ankatemana chifukwa cha thumba limodzi la miyala. Wina ndinamuona akuthamanga khutu lake lili m'manja. Woyankhula naye Chichewa panalibe, moti ndinkacheza ndi kompuresa. Inkandiyankha bwino kuposa anthu.

Golide atayamba kutuluka, mwini mgodi, mkulu amene tinkamutchula kuti mudhara Ncube, analetsa kuzimitsa makina. Kampopi katayamba kudontha anaitana wowotcherera n'kukatsekeratu. Valavu yopumira, imene imatsegula yokha mpweya ukachuluka, anaimanga ndi waya, ati ikuwononga mphepo.

"Mudhara, buku likuti iphulika," ndinatero.

Anandikwapula pamsana ndi mimba ya chikwanje. "Wena, buku lako limakumba golide?"

Ndinabwerera kumakina. Mwana anali atabadwa, ndipo ndinali nditangomuona pachithunzi.

Thanki inaphulika masana, ine nditapita kukatenga dizilo. Phokoso lake ndinalimva m'mano. Mutu wa thanki unauluka n'kupeza Tawanda, bambo wa ana awiri amene ankapukusa chingwe chokwezera miyala, n'kumung'amba pachifuwa. Madzi akuda a miyezi yonse ija anasakanikirana ndi magazi ake pafumbi. Anzake anatuluka m'dzenje akufuna munthu womulanga, Ncube n'kungondiloza. Anandigwetsa, kundiponda ndi magambutsi kumutu ndi m'nthiti. Wina anatsitsa chikwanje, ine n'kutchinga ndi dzanja, zala ziwiri zinatsala pansi. Anandisiya pamene mkazi wa Tawanda anafika akukuwa, onse n'kutembenukira kwa iye. Ndinakwawira kutchire.

Kuchipatala ku Kwekwe ndinati ndi makina andidula. Anesi anayang'ana balalo, anandiyang'ana ine, n'kupitiriza kusoka.

Ndinatsika kombi ku Torwood dzanja lili m'bandeji, m'thumba muli mbee. Esinati anandisambitsa osafunsa kanthu, n'kundiikira mwana pamiyendo. Ndinadzitsekera m'nyumba, kuopa kuti anthu aziti uja anapita kukatenga golide wabwera ndi zala zoperewera. Nditayamba kusuzumira pazenera ndinaona zimene kale ndinkazidutsa mphuno ili m'buku. Mumzere wa nyumba zathu womwewu muli wotsimphina, muli wa chipsera kuchokera pakhutu mpaka pachibwano, muli mtsikana wovala zakuda. Onsewo ndi a golide yemweyo.

A Banda, oyandikana nawo nyumba, amapopa matayala a makombi ndi kompuresa yakale pansi pa mtengo wa jakaranda. Tsiku lina anandipeza ndikuzemba kuseri kwa mpanda, n'kundiitana.

"Mwana wa Jailosi, tabwera kuno. Ukuyenda ngati wakuba bwanji? Ana anga awiri anapita komweko. Wina anabwera m'bokosi, wina mpaka lero foni yake siilira. Iwe wabwera ndi miyendo yako." Analoza makina awo ndi chibwano. "Maondo angawa sakugwadanso. Mawa ulawire. Ndikufuna munthu amene amachiopa chinthuchi."