Ndinachoka Osatsanzika Anaphiri

Zoti ndipite ku Dubai anagamula ndi bambo anga, ali chiimire kuseri kwa kauntala m'sitolo yathu ku Malangalanga. Zotsatira za Fomu 4 zinali zitangotuluka, ndipo ndinakhoza bwino. Iwo anati ndikaphunzire zoyendetsa mahotela kumene kuli mahotela enieni, ndizikakhala ndi azakhali anga. Sindinakane. Mtima unali utanyamuka kale.

Ndine Mtchaina. Dzina langa ndi Meilin, koma ku Lilongwe amandidziwa kuti Melina, chifukwa Anaphiri anati lilime lawo si la mpira. Ndinafika m'Malawi ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, osatha ngakhale kupempha madzi. Makolo anga ankakhalira kusitolo, ndiye amene anandilera ndi Anaphiri, mayi a ku Chinsapo amene ankagwira ntchito kunyumba kwathu. Anzanga kusukulu akandikuwiza kuti "Tchaina, Tchaina," ndinkabwera ndikulira, iwo n'kundipukuta mamina, n'kundiphunzitsa zokawabwezera mawa lake. Anandiphunzitsanso kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kugwada polankhula ndi akuluakulu. Pofika Sitandade 6, mayeso a Chichewa ndinkaposa eni chiyankhulo, aphunzitsi n'kumanyazitsa kalasi yonse ndi dzina langa.

Kwathu ulendo sitiuchitira mwambo. Mayi anga amati misozi ya pakhomo imaitana tsoka, munthu amangodya, n'kunyamula chikwama. Nthawi imeneyo Anaphiri anali atasiya ntchito chifukwa cha miyendo, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndiyenera kupita ku Chinsapo kukatsanzika. Sindinapite. Ndinganamizire mapepala a ulendo, koma zoona zake n'zoti ndinkaopa kulira. Ndinagula foni, n'kusiyira bambo kuti awatumizire, ndikudzinamiza kuti tizicheza tsiku ndi tsiku.

Azakhali amakhala ku Discovery Gardens, kumene nyumba zake zimafanana ngati mazira a pathireyi. Sabata yoyamba ndinagogoda pakhomo pa eni kawiri konse. Kukoleji, atsikana anzanga ochokera ku China ankati ndimalankhula Chitchaina cha mwana wa mkaka. Tsiku lina ndinapinda maondo polandira pepala kwa aphunzitsi, kalasi yonse inafa ndi phwete. Ku Lilongwe ndinali Mtchaina, kuno Atchaina okhaokha n'kumandifunsa kuti kwathu n'kuti.

Sukulu yokha inkandiyendera. Ndinkaluma mano, ndipo chaka chachiwiri hotela ina ya ku Business Bay inandisankha kuti ndiziphunzirirapo ntchito. Malipiro oyamba ndinagawako n'kutumiza kwa Anaphiri kudzera mwa bambo, ndipo ndinazolowera kutero. Yankho linkabwera lomwelomwelo, loti alandira, akuthokoza. Koma mauthenga a mawu amene ndinkawajambulira, foni inkaonetsa kuti amvera, osayankha ngakhale umodzi. Ndinawauza za mayeso, za kutentha kowotcha mapazi, za chigumu chawo chimene ndinkachilota. Zii. Tsiku lopuma sindinkatha kukhala pansi. Ndinkakwera sitima ya mumzinda mpaka kumathero, n'kubwerera, maso ali pafoni. Ndinali wosungulumwa koopsa, ndipo sindinkadziwa woti ndimuuze.

Loweruka lina ndinapita kwa telala ku Satwa kukachepetsa yunifolomu. Pabenchi panali amayi awiri, mmodzi n'kugunyuza mnzake, n'kumuuza m'Chichewa kuti aone nsapato za Mtchainayu, ngati akupita kudimba. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati ndi za kuntchito, amayi, ndimaima tsiku lonse. Amayiwo anagwira pamutu, mnzawo n'kuseka mpaka telala anaimitsa makina. Umu ndi mmene ndinadziwanirana ndi anti Esnati a ku Ntcheu, onyoza nsapato aja, olera ana a banja lina la Aarabu. Sipanathe ola, ndinali nditawakhuthulira zonse. Ndinkayembekeza kuti andipepesa, koma anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku.

"Khalas, basi, za fonizo usandiuzenso," anatero, akusakaniza ndi Chiarabu cha kwa abwana awo. "Munthu anakulera, iwe n'kuzemba ngati wakuba? Ndalama sizitsanzika, habibi, wokondedwa wanga. Pita ukaonekere wekha."

Mawu amenewo anandikhala pamtima miyezi yambiri. Nditamaliza sukulu, hotela ija inandilemba ntchito, koma ndinapempha masabata awiri kuti ndikafike kaye kumudzi. Bwana wanga ankaganiza kuti ndikunena ku China.

Patatha zaka zitatu, Lilongwe ndinamupeza ali ndi fumbi lake lomwe lija. Mayi anandiphikira, bambo anaonetsa satifiketi yanga kwa aliyense wolowa m'sitolo, ngakhale wodzagula misomali. Ine mtima unali ku Chinsapo. M'mawa mwake ndinakwera minibasi, kenako kabaza, ndikubwereza m'mutu zoti ndikanene.

Ndinaodira katatu. Anaphiri anali pamphasa pakhonde, miyendo atatambasula, imvi zitachuluka, foni ija ili pambali pawo. Anandiona bwinobwino, koma dzanja sanatambasule.

"Ndilonjere ndani?" anafunsa. "Amalonjeredwa ndi munthu amene anachoka. Kwa ine iwe ukadali kwa abambo ako, ukulongedza chikwama."

Anandiuza kuti tsiku la ulendo wanga analimva kwa antchito a kusitolo. Dzulo lake anasamba m'mawa, n'kukhala pakhonde pomwepo mpaka dzuwa kulowa, akuuza oyandikana nawo kuti mwana wawo akubwera kudzatsanzika. Anthu anawaseka, amvekere Mtchaina ndi Mtchaina basi. Mauthenga anga onse ankamvera, ena kangapo, koma kuyankha kunkawakanika.

"Akanakhala mwana wa abwana chabe, sindikanadandaula," anatero. "Koma iwe, Melina?"

Zonse ndinakonza m'minibasi zija zinauluka. Zaka zitatu ndinkaopa kuti andiiwala, osadziwa kuti mlendo sakwiyiridwa chonchi. Ndinagwada pafumbi, ndi buluku langa la ku Dubai lomwelo.

"Amayi, ndabwera kudzatsanzika. Ndikupita ku Dubai, kusukulu."

Anadzuka movutikira, anakana kuti ndiwagwire, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi jumbo yakuda. M'kati munali chitenje chatsopano, choumabe, pepala la kusitolo lisanamatulidwe, mopindamo mutachita mizere.

"Pita bwino, mwana wanga. Ukakhale bwino ndi anthu. Usakatichititse manyazi."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo kulira kumene ndinakuthawa kuja kunandipeza pomwepo. Iwo anandisiya ndilire. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, anasendera kuti ndikhale pamphasa, n'kutambasula dzanja.

"Eya, tsopano tiuze. Wayenda bwanji?"